Kachilombo Kalibe Miyendo

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Nonse amene mwatchera khutu kwa Kapelula, kwa Wimbe, ku Chamama, ku Mtunthama ndi kulikonse kumene mawu ano akufika, tiyeni tiyambe. Agogo, sendezani mpando kufupi. Amayi amene muli pamoto, ndiwo zisapserere chifukwa cha ine, koma khutu limodzi mundibwereke. Abambo amene mwangoweruka ku chigafa, khalani pansi mupume, nkhani ya lero ikukukhudzani kwambiri.

Tikamba za matenda opatsirana, mmene amachokera mwa munthu uyu n'kukalowa mwa uyo. Ndiyambe ndi zimene zimandidabwitsa m'midzi mwathu muno. Pakhomo pakakhala wodwala chifuwa chachikulu, timamupatulira mbale yake, kapu yake ndi sipuni yake, koma usiku tonse timagona naye chipinda chimodzi, zenera titalitseka ndi chiguduli. Ena mpaka lero amazengereza kumwera thobwa chikho chimodzi ndi munthu amene ali ndi HIV, koma tsiku lometa maliro lezala limodzi limayenda pamitu isanu. Pa ukwati tonse timaviika manja mu beseni limodzi, kuyambira amfumu mpaka kamwana kotsiriza, popanda wodandaula. Mantha tili nawo ndithu, koma tikuopa zosaopsa, zoopsa zenizenizo n'kumazikumbatira.

Tizilombo toyambitsa matenda tilipo ta mitundu yambiri, koma lero tigwire iwiri: mabakiteriya ndi mavairasi. Bakiteriya ndi kamoyo kokwanira pakokha. Kamadya, kamakula, kamagawika pawiri, ndipo ena akapeza malo ofunda ndi onyowa amagawika pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse. N'chifukwa chake ndiwo zogona zimene zinali bwinobwino usiku zimatha kukutsegulani m'mimba masana. Kuchepa kwake, pafupifupi 1,000 atandanda pamzere ndiye akwane milimita imodzi. Ambiri alibe vuto, ena amakhala m'matumbo mwathu kutithandiza kugaya chakudya. Koma kolera, tayifodi, chifuwa chachikulu, chindoko ndi chinzonono, onsewa ndi ntchito ya mabakiteriya.

Vairasi ndi yaing'ono kuposa pamenepo, ndipo payokha siingaswane. Alimi mukudziwa kaufiti: njere yake imangokhala m'nthaka osachita kanthu, kufikira itapeza muzu wa chimanga woti iyamwepo. Vairasi nayo imadikira kulowa m'thupi la munthu, n'kugwiritsa ntchito thupi lomwelo kuti ichulukane. Chimfine, chikuku, katsabola, poliyo, Covid-19, HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi a gulu limeneli.

Kusiyanaku kuli ndi phindu lanji kwa inu? Kuli pa makapisozi aja timagula awiriawiri pa golosale. Amoxicillin ndi Bactrim amapha mabakiteriya, koma vairasi ya chimfine saikhudza n'komwe. Mukamwa awiri chifukwa cha mamina, chimfine chitha pa nthawi yake monga chikanathera, koma mabakiteriya a m'thupi mwanu mwawazoloweza mankhwalawo. Tsiku lodzadwala chibayo chenicheni, mankhwala aja adzakhala atafooka. Malungo tiwasiye pambali lero: kachilombo kake si bakiteriya kapena vairasi, ndipo kamadalira udzudzu.

Chofanana pa onsewa n'chakuti alibe miyendo, alibenso mapiko. Kachilombo kamafuna potulukira mwa wodwala, chokanyamula, ndi polowera mwa munthu wina. Chokanyamulacho nthawi zambiri ndife tomwe. Tiyeni titsate chaka cha fodya, tione kumene timakumana nato.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Tiyambe ndi dzinja, mvula itagwa, fodya titawokera. Walira mvula walira matope, ndipo matope a masiku ano amabwera ndi kolera.

Pa 3 Malichi 2022 boma linalengeza kuti kolera wabuka ku Machinga, madzi osefukira a namondwe Ana atangogwetsa zimbudzi ndi kuwononga zitsime kum'mwera. Tinazolowera kuti kolera ndi wa dzinja, mvula ikatha nayenso amatha. Uyu sanathe. Anadutsa chilimwe chonse, anazungulira m'mbali mwa nyanja, Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima, Mangochi, mpaka anafika m'maboma onse, Kasungu yemwe. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti mliriwu ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo mu Febuluwale 2023 kunayamba kampeni ya Tithetse Kolera. Pomwe unkazilala, anthu pafupifupi 59,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Dziko lino linali lisanaonepo kolera wotere.

Nanga kuchoka ku Machinga kufika kuno anayenda bwanji? Anakwera basi, anakwera njinga, anabwera ku msika ndi ku maliro m'mimba mwa anthu amene ambiri a iwo sankadziwa kuti anyamula kanthu. Ambiri amene ameza kachilombo ka kolera sadwala konse, komabe kamatuluka m'chimbudzi chawo kwa masiku ofika 10. Munthu wamphamvu, woseka, wolima mizere yake bwinobwino, atha kukhala amene wabweretsa.

Pepani agogo, ndinena mosabisa mawu, chifukwa kuzungulira n'kumene kwatipweteka. Aliyense wodwala kolera, tayifodi, kamwazi kapena poliyo wameza chimbudzi cha munthu wina. N'chochepa kwambiri moti diso silingachione, koma n'chimbudzi. Chafika pakamwa kudzera m'madzi, m'manja, pa ntchentche kapena pa chakudya.

Taganizani za ku munda. Munda uli kutali ndi mudzi, chimbudzi kulibe, munthu akapanikizika amalowa patchire kapena kutsikira ku dambo. Mvula yamadzulo imakokolola zonsezo kupita ku chitsime cha ku dimba, chomwe chija tinkathirira nazale. Mawa dzuwa likaswa mtengo, waganyu wamva ludzu, wawerama wamwa. Apa ndilankhule ndi eni maesiteti ndi alimi akuluakulu amene mumalemba anthu ntchito. Ngati mwakwanitsa kumanga zigafa zitalizitali, simungalephere kukumba chimbudzi cha antchito anu ndi kuwapezera madzi abwino. Mabanja ochokera kutali amene mwawaunjika m'tinyumba ta udzu kumapeto kwa munda akadwala, matendawo sadzaima pa malire a esiteti. Chimbudzicho chikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30, ndipo pa dzenje pakhale chivundikiro.

Ena mukuti, ife timatunga pa mjigo, madzi athu ndi abwino. Zoona, pa mjigo amatuluka abwino. Amaipira kunyumba. Mtsuko uli pakona wosavundikira, aliyense amatenga kapu yomweyo, kuviika dzanja mpaka m'chigongono, kumwa, n'kuibwezera momwemo. Mwana wochokera kuseri kwa nyumba wachita chimodzimodzi. Mtsuko ukhale ndi chivundikiro, kapu yotungira ikhale ina yomwera ina, kapena sungani m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono chimene dzanja silingalowe. Alangizi a zaumoyo akakupatsani klorini, thirani muyezo umene akuuzani ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Fungo lake ena amadana nalo, koma ndi fungo chabe. Klorini akasowa, wiritsani madzi mpaka abwadamuke.

Tsopano beseni lija. Mwambo wathu umati ayambe akulu, atsirize ana. Ndiye taonani chimene chimachitika: wa thupi lofooka kuposa onse ndi amene amasamba m'madzi akuda kuposa onse, n'kutenga dzanja lomwelo kutema nsima. Kumeneko si kusamba m'manja, n'kusonkhanitsa litsiro la anthu onse n'kugawana. Sindikunena kuti titaye ulemu. Mwana agwade monga kale, beseni likhale pansi, koma m'dzanja mukhale jagi, azithirira munthu aliyense madzi atsopano, sopo ali pambali. Kwa ine kuthiriridwa madzi ndi ulemu woposa kupatsidwa beseni limene asambamo kale anthu asanu. Sopo akasowa, phulusa liposa madzi okha. Pakhomo pa chimbudzi pakhale mpondagiya wokhala ndi madzi, osati uja timamanga tikamva kuti kukubwera alendo a ku boma. Ndipo amayi, chimbudzi cha khanda si choyera monga timanenera. Chili ndi tizilombo ngati cha wamkulu. Thewera likachapidwa, madzi ake akatayidwe m'chimbudzi, m'manja musambe ndi sopo musanagwire bere kapena chipande.

Kuti madzi ndiwo amanyamula kolera zinadziwika kalekale. Mu 1854 ku London, dokotala John Snow anayenda khomo ndi khomo kufufuza kumene omwalira ankatunga madzi, napeza kuti ambiri ankamwa pa mjigo umodzi wa mu msewu wa Broad Street. Anapempha akuluakulu a deralo kuti achotse chogwirira cha mjigowo. Nthawi imeneyo anthu ambiri ankakhulupirira kuti kolera amabwera ndi fungo loipa.

Kolera amatha kuyamba patangopita maola 12 munthu atameza kachilomboko, kapena mpaka masiku 5. Mukaona munthu akutsegula madzi okhaokha otuwa, mwinanso akusanza, musadikire kuti kuche. Amatha kufa tsiku lomwelo chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa muli pa ulendo wa ku chipatala. Zikavuta n'kumwalira, thupi lake likadali ndi tizilombo tambiri. Lolani a zaumoyo atsogolere posamalira thupilo, ndipo amene akhudza maliro asayandikire miphika. N'zowawa, koma maliro amodzi asabale ena atatu.

Njira yomweyi ndi imene poliyo amadzera. Mu Febuluwale 2022 kunapezeka mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe atapuwala ndi poliyo, ndipo akatswiri atayeza anapeza kuti vairasiyo inali ya mtundu umene unkazungulira ku Pakistan. Mwanayo sanapiteko ku Pakistan. Vairasi inadutsa m'matumbo mwa anthu ambirimbiri osadwala mpaka kumupeza, chifukwa mwa anthu pafupifupi 200 amene yawalowa, mmodzi yekha ndi amene amapuwala. Amene munkatopa ndi a katemera aja ankabwera mobwerezabwereza kudontheza mkamwa mwa ana, chifukwa chake chinali chimenechi.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Ifike nthawi yothyola. Pano pali matenda amodzi amene amatisokoneza. Munthu wathyola fodya wonyowa ndi mame m'mawa wonse, masamba atawapanira m'khwapa, kenaka wayamba chizungulire, mutu, nseru, kusanza. Awiri atatu akadwala tsiku limodzi timati apatsirana. Ayi, chimenecho ndi chikonga cha m'tsamba chimene chalowera pakhungu. Sichichoka mwa munthu kupita mwa wina. Avule zovala zonyowazo, asambe ndi sopo, amwe madzi, apume. Ana asapatsidwe ntchito imeneyi. Koma kusanzako kukabwera ndi kutsegula m'mimba kwa madzi, musanamizire fodya.

Fodya akauma timalowa m'nyumba yosankhira, ndipo apa mpamene mpweya umayamba kunyamula matenda. Timatseka zitseko kuti mphepo isaumitse tsamba, timakhala mothithikana kuyambira m'bandakucha, fumbi lili koboo, aliyense akukhosomola. Choopsa chake n'chakuti m'nyumba imene aliyense akukhosomola, wa chifuwa chachikulu sadziwika. Tonse timati ndi fumbi la fodya.

Munthu akakhosomola, kuyetsemula, kuimba, ngakhale kungolankhula, mkamwa mwake mumatuluka timadontho. Tikuluikulu timagwa pafupi, pa dzanja, pa tebulo, pa chitseko. Tating'ono kwambiri timayandama mu mpweya kwa nthawi yaitali, makamaka m'chipinda chotseka. Bakiteriya wa chifuwa chachikulu, TB, amene Robert Koch anamutulukira mu 1882, amayenda mu tating'onoti. Sayenda pa mbale, pa kapu kapena pa moni wa m'manja. Choncho kumupatulira mbale wodwala kumangomuchititsa manyazi popanda chimene mwatchinga. Chothandiza ndi zenera lotsekula, khomo lotsekula, kucheza panja pa mthunzi, ndi kuyamba mankhwala msanga. Munthu akamwa mankhwala oyenera mokhulupirika kwa milungu iwiri kapena kuposerapo pang'ono, mphamvu yopatsira ena imatsika kwambiri, ngakhale iye ayenera kumaliza miyezi yonse 6. Woopsa si amene ali pa mankhwala uja mukumuthawa. Woopsa ndi amene wakhala akukhosomola miyezi itatu osayezetsa, amene mwakhala naye benchi limodzi.

Si aliyense wopuma kachilomboka amene amadwala. Mwa ambiri kamangogona m'mapapo zaka ndi zaka, n'kudzadzuka thupi likafooka ndi HIV, njala, shuga, mowa kapena kusuta. Inde kusuta, ngakhale chingambwe cha m'munda mwanu momwe. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, thupi likutha, usiku mukutuluka thukuta, pitani mukapereke makhololo. Kuyeza ndi mankhwala n'zaulere m'zipatala za boma. Ana aang'ono a pakhomopo muwatengenso akaonedwe.

Pa matenda oyenda mu mpweya, waliwiro kuposa onse ndi chikuku. Wodwala atha kutuluka m'chipinda, vairasi n'kutsala mu mpweya mpaka maola awiri. Mwa anthu 10 osatemera amene akhala naye pafupi, 9 amatenga. Ndiponso mwana amayamba kupatsira anzake masiku anayi zidzolo zisanatuluke, pamene aliyense akuti ndi chimfine chabe. Apa zenera lokha silikwanira. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno ndipo oposa 300 anamwalira. Katemera wake ndi wa pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15, ndipo wachiwiriyu ndi amene amaiwalika, chifukwa mwana akayamba kuyenda amayi ambiri amasiya kupita ku sikelo.

Covid-19 tonse tikuikumbuka. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020 ku Lilongwe, ndipo ambiri kumudzi tinkati ndi matenda a anthu okwera ndege. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo maliro anayamba kufika m'midzi. Zidebe za madzi zimene zinali pakhomo pa sitolo iliyonse ndi tchalitchi chilichonse zinasowa mliri utangotha, ngati kuti chimfine, chibayo ndi kutsegula m'mimba zinapita nawo limodzi. Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, m'minibasi aliyense amakuwa kuti tsekani windo kukuzizira. Kuzizirako sikupatsa munthu kachilombo. Amapereka ndi mnzanu wa pampando amene mwatsekeredwa naye. Pokhosomola, gwiritsani mkati mwa chigongono, osati chikhatho chimene mupatse nacho moni apongozi.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Tadinda mabelo, tapita nawo ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndalama zalowa. Ana amene muli pafupi ndi wailesi, kathandizeni amayi kutsuka mbale.

Abambo, nyengo ya msika tonse tikuidziwa. Masiku odikira malonda ndi ambiri, thumba lalemera, kunyumba n'kutali. HIV, chindoko, chinzonono ndi chiwindi cha B zimayenda m'magazi ndi m'madzi a m'thupi pogonana, komanso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Siziyenda pa chikho, pa moni, pa udzudzu kapena pogona mphasa imodzi. HIV inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi HIV pa mankhwala a moyo wonse, njira imene mayiko ena anadzatengera kuno. Lero munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka vairasi osaonekanso poyeza magazi sapatsira mkazi kapena mwamuna wake. Nkhani ndi yomwe ija ya TB: amene akudziwa ndipo ali pa mankhwala si amene akufalitsa. Kondomu ikhale m'thumba limodzi ndi ndalamazo. Zikachitika mwangozi kapena mokakamizidwa, ku chipatala kuli mankhwala oteteza ku HIV, koma ayambidwe maola 72 asanathe. Mukapezeka ndi chindoko kapena chinzonono, akunyumba nawonso alandire mankhwala, apo ayi muzingobwezerana.

Za lezala, vairasi ya chiwindi cha B imapirira pa chitsulo sabata yathunthu, magazi ake osaoneka n'komwe. Pometa maliro, potema mphini, poboola makutu, aliyense akhale ndi lezala lakelake. Mtengo wake sufika pa botolo limodzi la mowa.

Wina afunsa ngati zonsezi zimathekadi kumudzi. Funsani agogo za matenda a maso aja ankatembenuza nsidze kuti zizikanda diso mpaka munthu kuchita khungu. Ndi bakiteriya woyenda pa manthongo, pa zala, pa chitenje chimodzi chopukutira ana onse, ndi pa ntchentche zotera kumaso. Kasungu linali limodzi mwa maboma amene matendawa anali ochuluka. Anthu analandira mankhwala midzi yathunthu, ana anayamba kusukusula ndi madzi oyera, zimbudzi zinakumbidwa, a nsidze zotembenuka anachitidwa opaleshoni, ndipo mu 2022 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti matendawa, otchedwa trachoma, salinso vuto lalikulu m'Malawi. Koma maso ofiira aja anabuka ku Karonga kumayambiriro kwa 2024 n'kufalikira m'maboma ena anadzera njira yomweyo ya zala ndi nsalu. Sapatsirana poyang'anana, ndipo musathiremo mkodzo, madzi a fodya kapena mankhwala a zitsamba.

Nthawi yatithera. Amayi, usiku uno tulutsani kabuku ka kusikelo ka mwana aliyense wosafika zaka 5, muone ngati pa miyezi 15 panalembedwa. Ngati palibe, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuuzani tsiku la sikelo, kapena pitani ku chipatala cha Kapelula. Abambo ndi agogo amene chifuwa chadutsa milungu iwiri, ulendo ndi womwewo, ndipo mukafika nenani kuti mwabwera kudzayezetsa makhololo. Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za chiwewe, ndi zoyenera kuchita mu ola loyamba galu akaluma mwana. Mugone bwino.

(Nyimbo yotsekera)